Sola isanakwere, denga liyambe lavomera

Anthu akamva kuti ndimaika magetsi a sola, amaganiza za mawaya, mabatire ndi inveta. Zonsezo ndimagwira, koma gawo la ntchito limene ndimalilemekeza koposa ndi lomwe mwini nyumba saliona akaima pabwalo: zitsulo zogwira mapanelo padenga. Panelo yabwino imatumikira zaka 25. Nkhawa yanga imakhala pa denga limene ndikuliboola, ngati lidzakhalebe louma ndi lolimba zaka zonsezo. Kuno ku Thyolo nkhawa imeneyi ndi yaikulu, chifukwa chinyezi chimene chimakulitsa tiyi ndi chomwecho chimene chimadya chitsulo ndi kuoletsa thabwa.

Ndimayenda kuyambira ku Bvumbwe, kudutsa pa Thunga ndi paboma, mpaka ku Makwasa ndi ku Luchenza, m'midzi ndi m'misika yozungulira minda ya Satemwa, Makandi, Conforzi, Naming'omba ndi Nchima. Ntchito inachuluka kuyambira mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'mafakitale, eni magolosale ndi ometa tsitsi onse anayamba kufunsa za sola. Ambiri amagula katundu ku Limbe n'kubwera naye atanyamula, kenako amati: "Achimwene, tangokwerani mukhome, si ntchito yaikulu." Ine ndimayankha kuti kukhoma ndi komaliza, tiyambe taona chimene tikukhomapo.

Choyamba ndimalowa m'kati mwa siling'i ndi tochi ndi mpeni. Ndimabaya mapaso ndi matabwa opingasa amene malata anakhomeredwapo. Mpeni ukalowa mosavuta, kapena fumbi likayoyoka, ndiye kuti chiswe kapena anankafumbwe anafika kale. Nyumba zambiri kuno zinafoleredwa pa mitengo ya bulugamu kapena pa matabwa a paini osathiridwa mankhwala, ndipo kunja zimaoneka zokongola ndi penti watsopano. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndimayang'ananso ngati denga linamangiriridwa kukhoma ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre amadziwa kuti madzi ndi mphepo sizisankha nyumba. Panelo yaikulu ya masiku ano imalemera makilogalamu 20 mpaka 28, koma kulemerako sikundiopsa kwenikweni. Chimene chimandiopsa ndi mphepo yolowa kunsi n'kuinyamula. Ngati thabwa ndi lofooka, panelo imachoka pamodzi ndi lata lake. Ndikapeza zotero ndimauza mwini nyumba kuti ayitane kalipentala kaye, ine ndidzabweranso.

Chachiwiri ndi kumene dzuwa lili. Thyolo ili pa madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa ikweta, choncho gawo lalikulu la chaka dzuwa la masana limakhala chakumpoto kwathu. Limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kummwera. Nthawi imene timasowa kuwala ndi ya chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zimachokera ku Mozambique n'kuphimba minda masiku angapo osalekeza. Pa nthawiyo dzuwa limakhala litatsikira kumpoto. N'chifukwa chake ndimayang'anitsa mapanelo kumpoto, opendekeka madigiri 15 mpaka 20, kuti batire lizidya ngakhale m'miyezi yovutayo. Kuwagoneka chathyathyathya ndimakana: fumbi, masamba ndi zitosi za mbalame zimakhazikika, mvula n'kulephera kuzitsuka. Ndimayang'ananso mitengo. Mthunzi wa nthambi imodzi ya peyala ukagwera pa ngodya ya panelo imodzi, umafooketsa mapanelo onse olumikizidwa mumzere womwewo. Ndimafunsa mwini nyumba kumene mthunzi umafika mu Juni, chifukwa iye ndiye amakhala pamenepo chaka chonse.

Tsopano kuboola. Madenga ambiri amene ndimakwera ndi a malata, kaya a mizere yozungulira kapena a IBR. Lamulo lake ndi limodzi: boola pamwamba pa mzere, osati m'ngalande mmene madzi amayenda. Bawuti iyenera kudutsa lata n'kukaluma thabwa lopingasa pakatikati. Lata palokha silingagwire kanthu, makamaka la geji 32, lomwe ndi lopyapyala kwambiri kuposa la geji 28. Mzere wa misomali yakale ndi umene umandionetsa pamene thabwa ladutsa, komabe mnyamata amene ndimagwira naye ntchito amakhala m'kati kuti aone ngati bawuti yalowadi m'thabwa, osati kulikanda m'mbali. Pansi pa phazi lililonse la chitsulo ndimaika labala wakuda wosagonja ndi dzuwa. Pomanga pamafunika dzanja lodziwa: ukamanga pang'ono madzi amalowa, ukamangitsa labala amaphwanyika ndipo mzere wa lata umabonyoka n'kukhala kachithaphwi. Ndimasiya pamene labala wangoyamba kutumphuka pang'ono m'mbali. Silikoni ndimapaka ngati wothandizira chabe. Munthu amene wadalira silikoni yekha kuti atseke bowo wangokankhira kudontha ku dzinja la mawa.

Pali kanthu kakang'ono kamene ambiri sakasamala: tizitsulo timene timagwa poboola. Tikatsala padenga, chiperoni chimodzi chokha chimatisandutsa madontho a dzimbiri, ndipo dzimbiri limayamba kudya lata lomwe linali labwinobwino. Ndisanatsike ndimasesa denga lonse ndi burashi yofewa.

Pa mapazi a chitsulo aja ndi pamene ndimagoneka njanji ziwiri, ndipo mapanelo amagwidwa ndi zopanira m'mbali mwake, pamalo amene wopanga panelo analamula. Njanji za aluminiyamu ndi mabawuti osachita dzimbiri ndi zimene ndimakonda, koma mtengo wake si wa aliyense. Ambiri amapita kwa owotcherera kukapangitsa chimango cha chitsulo wamba. Chimenecho sindichikana, bola chipalidwe bwino, chipakidwe penti wofiira woletsa dzimbiri, kenako penti wina pamwamba, ndipo pakati pa chitsulocho ndi aluminiyamu wa panelo pakhale labala kapena pulasitiki. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pamalo a chinyezi, china chimadya chinzake. Kuwotcherera chimango padenga penipeni sindilola, chifukwa mphaliwali za moto zimapsereza utoto wa malata ndipo zikhoza kugwera m'siling'i.

Pakati pa lata ndi panelo ndimasiya mpata wa masentimita 10 kapena kuposerapo. Mu Okutobala malata amatentha mwakuti dzanja silingakhalepo, ndipo panelo ikatentha mphamvu yake imatsika, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse pa madigiri 10 aliwonse opyola 25. Mpweya woyenda kunsi umaiziziritsa, komanso masamba a bulugamu sakodwamo n'kuwolera pa lata. Mapanelo sindiwafikitsa m'mphepete mwa denga kapena pamsonga, pakuti m'menemo ndi m'mene mphepo imakoka kwambiri. Ndimasiya theka la mita ngati denga likulola.

Nyumba zakale za m'minda ya tiyi zili ndi nkhani yakeyake. Minda ina kuno ili ndi zaka zoposa 100. Satemwa, mwachitsanzo, anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923. M'nyumba za nthawi imeneyo ndi za m'zaka zotsatira mumapezeka madenga osiyanasiyana. Pa denga la matailosi sindiboola tailosi. Ndimalikankhira m'mwamba, ndimamanga ngowe yachitsulo pa phaso, ndimapala pang'ono kunsi kwa tailosilo kuti likhale bwino pamwamba pa ngowe, kenako ndimalibwezera. Ngowe isatsamire pa tailosi la m'munsi, apo ayi lidzang'aluka mphepo ikayamba kugwedeza mapanelo. Madenga a timapepala ta phula tosanjikizana, amene ndi ofala ku America ndipo kuno amapezeka pa nyumba zochepa, amafuna kachitsulo kathyathyathya kolowetsa pansi pa mzere wa m'mwamba, kuti madzi otsika adutse pamwamba pa bowo. Nzeru yake ndi yomweyo pa denga lililonse: madzi apatsidwe njira yawo, asakumane ndi bowo. Denga la asibesitosi lokha ndilo sindilikhudza. Fumbi lake limaononga mapapo ndipo limabweretsa khansa, komanso likakalamba limathyoka ndi phazi la munthu. Pamenepo mapanelo ndimawaika pa chimango chozikika pansi ndi simenti.

Palinso nyumba za antchito. Kapitawo kapena mlonda akandiitana ku nyumba ya kampani, funso langa loyamba ndi lakuti: "Kodi kuofesi mwapempha?" Nyumbayo si yake, ndipo tsiku lina adzasamuka. Sindifuna kuti mabowo anga adzamudulitse ndalama kumapeto kwa ntchito yake. Kwa anthu otere ndimaimika mzati wachitsulo pambali pa nyumba, wotalika bwino kuti ana asaufike, ndipo panelo imamangidwa ndi mabawuti oti adzathe kumasula posamuka. Za akuba nazonso timakambirana. Pamene mwini akuopa, ndimaika mabawuti ofuna sipanala yapadera kapena chitsulo chokhoma ndi loko, koma osati kuwotcherera panelo, chifukwa tsiku lina idzafunika kuchotsedwa kuti lata la pansi likonzedwe.

Mawaya nawo ali ndi njira yawo. Sindiwasiya akukhuta pa lata, pakuti mphepo imawapekesa mpaka chikopa chake kutha. Ndimawamangirira ku njanji, n'kuwalowetsa m'paipi, ndipo ngati n'kotheka amalowa m'nyumba kudzera kunsi kwa khonde la denga kuti ndisaonjezere bowo lina. Waya asanalowe m'khoma ndimamukhotetsera pansi pang'ono, madzi omutsatira azidonthera kunja. Njanji ndi mafelemu onse ndimazilumikiza ku ndodo yamkuwa yokhomedwa m'nthaka, chifukwa m'mapiri muno ziphaliwali za mvula yoyamba si zachilendo. Ntchito ya magetsi imafuna chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa mmisiri aliyense kuti aonetse chake.

Za moyo wanga ndimazisamala chimodzimodzi. M'mawa wa chiperoni sindikwera, ngakhale mwini nyumba akhale pa changu chotani, chifukwa lata lonyowa lokhala ndi ndere limaterera kuposa therere. Ndimadikira liume. Makwerero ndimawamangirira, m'chiuno ndimavala lamba wa chingwe, nsapato ndi za labala wofewa, ndipo ndimaponda pa mzere wa misomali pokha, pamene pansi pake pali thabwa. Panelo timakweza anthu awiri ndi chingwe, ndipo mphepo ya mwera ikayamba timasiya.

Anyamata amene amabwera kudzaphunzira kwa ine, ena ochokera m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, amathamangira kufuna kudziwa kulumikiza inveta, poti m'pamene babu limayaka anthu n'kuomba m'manja. Ine ndimayamba ndawasunga m'siling'i ndi padenga mpaka atadziwa kuwerenga thabwa ndi kumva m'dzanja pamene bawuti yakwana. Munthu wothyola tiyi kapena mphunzitsi amene wasunga ndalama miyezi yambiri kuti ana ake aziwerenga usiku sayenera kulipira kuwalako ndi matiresi onyowa ndi siling'i yowola. Choncho mvula yoyamba yamphamvu ikagwa ndimabwerera ku nyumba zimene ndinagwirako chaka chimenecho, ndimalowa m'siling'i ndi tochi, n'kuyang'ana bawuti iliyonse kunsi kwake. Ulendo umenewo sindilipiritsa, chifukwa ntchito ya padenga imatha pamene dzinja laiyesa n'kuipeza youma.