Kusala kwa maso ndi zala

Kumapeto kwa Okutobala ndi kuciyambi kwa Novembala 2024, pa zipolowe zimene zinatsatira cisankho, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa m'dziko lathu, ndipo WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa kwa masiku. Kutseka anthu pakamwa mokakamiza sitingakuyamikire, pakuti ambiri anasowa njira yodziwira za abale ao. Komabe masikuwo anatiululira kanthu. Tinaona anthu akutulutsa foni m'thumba kawirikawiri, podziwa bwino kuti mulibe uthenga. Dzanja linkapita lokha, mutu usanalitume.

Foni ndi mphatso, ndipo ife a kuno kumalire timadziwa ubwino wace. Cifikireni Movitel mu 2012, midzi yambiri yalumikizidwa. Mai wa ku Ngauma amalandira ndalama ya mankhwala pa M-Pesa kapena e-Mola kucokera kwa mwana wace wa ku Nampula. Mlimi amafunsa mtengo wa nandolo ku Cuamba asanakweze matumba. Uthenga wa maliro umaoloka kucokera ku Chiponde kufika ku Mandimba m'kamphindi, pamene kale munthu ankapalasa njinga usiku.

Koma wanchito wabwino akhoza kusanduka mfumu m'nyumba ya eni. Ndalama ya sopo ikuthera ku mamega, ndipo anyamata ena akutaya za fodya ndi soya pa juga ya pafoni. Pa mphasa ya cakudya camadzulo, pamene agogo ankasimba nthano ndi kulongosola mibadwo ya banja, lero nkhope zawerama, iliyonse ndi kuwala kwacekwace. M'kalasi ya katekisimu tikukumana ndi ana ogona tulo masana, odziwa nyimbo zonse za pa TikTok koma olephera kukhala cete kwa mphindi 5. Mwana wosadziwa kukhala cete adzamva bwanji Mulungu? Mneneri Eliya pa phiri la Horebu sanapeze Ambuye m'mphepo yamkuntho, m'civomezi kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi. Ndiponso m'nyumba ya ku Betaniya, Yesu anayamikira Mariya amene anakhala pansi n'kumvetsera.

Pa Lacitatu la Phulusa mu 2020, Papa Francisco anatikumbutsa kuti Kwaresima, imene abale athu a ku Malawi amati Lenti, ndiyo nthawi yozimitsa wailesi yakanema, kupatukana ndi foni ndi kutsegula Malembo Oyera. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, nalengezedwa woyera mu 2025, ankadziwa kompyuta kwambiri ndipo anaigwiritsa nchito pofalitsa ulemu wa Ukaristia. Koma masewera ace anawaikira malire. Anansi athu Acisilamu nawonso amatiphunzitsa pa Ramadani kuti thupi likhoza kuuzidwa kuti lidikire.

Tsono tiyeni tipangane zinthu zitatu zotheka pa khomo lililonse. Coyamba, nsima ikafika pa mphasa, mafoni onse alowe m'licero kufikira titasamba m'manja kaciwiri. Caciwiri, pa Misa ndi pa mapemphero a mphakati foni izimitsidwe ndithu. Cacitatu, ana asagone nayo foni. Igone kwa makolo, ndipo banja litseke tsiku ndi cigawo cimodzi ca korona. Akulu tiyambe ndife, cifukwa m'mera ndi poyamba, ndipo mwana amatsata zimene akuona kuposa zimene akumva.

Amene anamanga misyoni ya Massangulo mu 1928 analibe foni, koma Uthenga Wabwino unafika kwa makolo athu cifukwa munthu anakhala pansi ndi mnzace, namuyang'ana m'maso. Cikhulupiriro cimapatsirana motero mpaka lero. Sabata ino, tiyambe ndi cakudya cimodzi.