Chikomekome cha Mkuyu, Mkati Muli Nyerere

Mkuyu ukapsa umakopa maso, koma wanzeru amayamba waung'amba asanauponye m'kamwa. Mwambi umenewu akale ankaunena pochenjeza anyamata ofunsira mbeta, komabe masiku ano umalowa ngakhale m'bafa, monga momwe zidachitikira kwa mayi wina wamasiye wa ku Matawale, mumzinda wa Zomba.

Mwana wawo wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adamva kuti mawondo a mayi ake ayamba kukana kunyamula ndowa. M'chaka cha 2023 adatumiza ndalama zoti bafa likonzedwe: matailosi oyera, shawa yatsopano ndi mipopi yonyezimira ngati siliva. Ntchitoyo adaipereka kwa anyamata amene adawapeza pa lamya. Pulambala wokalamba amene adaika mapaipi a nyumbayo malemu bambo ake ali moyo sadafunsidwe n'komwe, poti ankaoneka wachikale.

Tsiku lomaliza ntchito anansi adabwera kudzaona, nthungululu zidalira, zithunzi zidapita ku Joni. Koma m'mawa mwake mayi aja atatsegula mpopi, madzi adangotuluka ngati misozi ya mwana wotopa ndi kulira. Shawa nayo inkangodontha, moti munthu akadauma sopo m'thupi asanatsukuluze.

Apa ndi pamene mwambo udawamanga lilime. Mphatso sainyoza, makamaka yochokera m'thukuta la mwana amene akuvutikira kudziko la eni. Lamya ikalira, mwana ankafunsa kuti, "Amayi, bafa lija likukusangalatsani?" Iwo ankayankha kuti, "Kwambiri, bambo. Mulungu aonjezere pamene mwachotsapo." Akatero ankatenga ndowa yawo yakale, n'kukatunga pampopi wa panja, n'kuidudulutsa mpaka m'bafa la matailosi lija. Miyezi isanu idatha choncho, mawondo akutupirabe.

Pa Khirisimasi mwana uja adafika mosayembekezereka ndipo adapeza mayi ake atatsamira khoma, ndowa ili pansi, akupuma mwawefuwefu. Mtima udamuwawa pawiri: ndalama zidaoneka ngati zapita m'madzi, ndiponso mayi ake omubereka adamubisira. Mwaukali adafuna kukakalipira a zamadzi, kenaka adaganiza zogumula matailosi onse. Mayi ake adamuletsa nati, "Bambo, kaitaneni kaye mkulu uja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

Nkhalamba ija idabwera ndi sipanala imodzi m'thumba la malaya. Sidathamangire m'bafa ayi. Idayamba yatsegula mpopi wa panja, madzi adatuluka mwamphamvu, monga amachitira madzi otsika kuchokera kudamu la Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba. Idatsegula wa kukhitchini, chimodzimodzi. Tsono idati, "Mwana wanga, a zamadzi alibe mlandu. Nthenda ili m'chipinda chimodzi chokha, tiifune momwemo."

Kukamwa kwa mpopi watsopano idamasulako kasefa kakang'ono, n'kukagogoda pachikhatho. Mudatuluka mchenga, tizidutswa ta simenti, dzimbiri la mapaipi akale ndi nyenyeswa za tepi yoyera imene apulambala amakulunga polumikizira. Idafotokoza kuti mapaipi akadulidwa zinyalala zimalowa, ndipo mmisiri wodekha amayamba watulutsa madzi ambiri kuti atsuke njira asanamange mipopi. Pansi pa sinki idapezanso chotsekera madzi chimene anyamata aja adachitsegula theka lokha.

Za shawa zidali zina. Anyamatawo adailumikiza kuthanki ya kuseri kwa nyumba, imene idali mamita 2 okha pamwamba pa mutu wa shawayo. Mphamvu ya madzi a m'thanki imachokera ku kutalika kwa pamene thankiyo yakhala, osati ku kukula kwake. Pamafunika mamita pafupifupi 10 kuti madzi afike pa muyeso wa bar imodzi, choncho mamita 2 amangopereka gawo limodzi mwa magawo asanu. Shawa yogulidwayo, ya timabowo tating'onoting'ono, idapangidwira madzi amphamvu. Mkuluyo adaisamutsira kupaipi yochokera kumsewu, thanki n'kuisiyira masiku amene madzi asiya. Dzuwa lisanapendeke, madzi adali kuwomba matailosi ngati mvula ya mu Januwale, popanda tailosi ngakhale imodzi yogumulidwa.

Pofuna kulipira, mwana uja adatulutsa ndalama zambiri mwamanyazi. Nkhalamba idatengapo zochepa niti, "Zotsalazo mugulire mayi anu mankhwala a mawondo. Safunsa adadya phula."

Mwambi wotsirizawu udalasa anthu awiri. Mwana adagula zokongola osafunsa amene ankadziwa mitsempha ya nyumbayo. Pa lamya ankafunsa ngati bafa likusangalatsa, funso limene mayi aliyense woleredwa bwino angayankhe kuti inde. Sadafunse ngati madzi akutuluka. Mayi nawonso adasokoneza kuthokoza ndi kubisa. Ulemu wa makolo umaletsa kunyoza mphatso, koma suletsa kuuza mwana wako kuti nkhuku imene adakupatsa yadwala chitopa, poti iye adaipereka kuti ikuthandize.

Usiku umenewo mayi aja adasamba ataimirira, kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu. Ndowa ija tsopano adadzalamo tsabola, ili pakhonde.