Cifukwa Ninji Ena Amasankha Besi?

Gulu la oimba likaima pa bwalo, maso a anthu amathamangira kwa woimba wa patsogolo. Ena amayang'ana mnyamata wa gitala, amene zala zake zimathamanga ngati nkhuku zotola mapira. Koma kumbuyo, pafupi ndi ng'oma, kumaima munthu wina. Gitala yake ndi ya khosi lalitali, ndipo nsambo zake ndi zinai zokha, zonenepa. Munthuyo sayendayenda. Kawirikawiri anthu sadziwa ngakhale dzina lake. Ameneyo ndiye wa besi. Muno mu Lichinga ambiri amaichula pa Cipwitikizi kuti baixo, ndiko kunena kuti ca pansi.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. M'makalasi athu muli makolo amene ana ao amaimba m'magulu a m'midzi ndi m'machalichi. Tinamvapo mai wina akudandaula kuti mwana wake ndi wosacenjera, cifukwa anzake anampatsa gitala ya nsambo zinai pamene iwo anatenga za nsambo zisanu ndi imodzi. Maiyo anawerenga bwino nsambozo, koma ife sitigwirizana naye. Tiyeni tione bwino m'mene munthu amafikira pa besi.

Poyamba tidziwe cimene besi iri. Nsambo yaifupi ndi yopyapyala imanjenjemera msanga, ndipo imalira mau aang'ono ngati a mwana. Nsambo yaitali ndi yonenepa imanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo imalira mau aakulu. Mungathe kuyesa nokha ndi mphira wa legeni. Ukokeni, muukhudze ndi cala, kenaka muugwire pakati ndi kuukhudzanso. Mudzamva kuti mau asintha. Nsambo yonenepa koposa ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi. Mau otere samveka m'khutu mokha. Amamveka ndi m'cifuwa momwe. Amene munaimbapo kwaya mukudziwa kale zimenezi, pakuti abambo a mau aakulu oima kumbuyo timawachanso a besi.

Tinene zoona. Ambiri sasankha besi, besi ndiyo imawapeza. Anyamata atatu akayamba gulu, onse atatu amafuna gitala ya patsogolo. Amakangana, ndipo pomaliza mmodzi amagonja. Nthawi zina ndi wamng'ono pa onse. Nthawi zina ndi uja wosakonda mikangano. Kusintha sikuvuta kwambiri, cifukwa nsambo zinai za besi zimamangidwa mofanana ndi nsambo zinai zonenepa za gitala. Mau ake ndi omwewo, koma otsikira pansi, monga bambo ndi mwana wake akamaimba nyimbo imodzi. Kotero wodziwa gitala atha kugwira besi lero, mawa n'kuimba nayo pa ukwati, ngakhale kuti kuidziwa kwenikweni kumatenga zaka.

Zimenezi sizicitika kwathu kokha. Ku England kunali gulu lochuka la The Beatles, la mu mzinda wa Liverpool. M'caka ca 1961 wa besi wao, Stuart Sutcliffe, anasiya gululo. Anzake sanafune kutenga malo ake, ndipo katunduyo anagwera Paul McCartney, amene anali woimba gitala. Lero dziko lonse limamdziwa ndi besi. Ku America, mai wina dzina lake Carol Kaye anali woimba gitala m'nyumba zojambulira nyimbo ku Los Angeles. M'caka ca 1963 wa besi sanabwere pa nchito tsiku lina, ndipo iye anapemphedwa kuti agwirizire. Anakhala pa besi kuyambira pomwepo, naimba m'nyimbo zambirimbiri. Atsikana athu amve zimenezo. Manja amene amagwira munsi tsiku ndi tsiku sangalephere nsambo zinai.

Njira yaciwiri ndi ya kuno kwathu, ndipo ndi imene ife timaikonda. Besi ndi cida cimene munthu wosauka atha kudzipangira yekha. Gitala yabwino imafuna thabwa losema bwino ndi nsambo za kusitolo. Besi ya kumudzi imafuna mtengo umodzi wautali, bokosi kapena ng'oma ya cikopa, ndi waya mmodzi. Anzathu a tsidya lija la nyanja, ku Malawi, amaicha babatoni.

Cida cimeneci ciri ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950, m'mizinda ya ku South Africa munabuka nyimbo za kwela. Anyamata ankaimba m'miseu ndi zitoliro za citsulo ndi gitala. Besi yao inali bokosi la tiyi, ndodo, ndi cingwe cimodzi. Anthu a kuno amene ankapita ku Joni ndi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, anabwera nazo nyimbozo pobwerera kwao. Ku Chileka, pafupi ndi Blantyre, kunali abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba. Gulu lao linkaimba kwela ndi gitala, citoliro ndi besi ya cingwe cimodzi. M'caka ca 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, amene anajambula nyimbo zao, ndipo pambuyo pake zinamveka mpaka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma besi ya cingwe cimodzi sinafe nao.

Ku Nkhata Bay, tsidya lina la nyanja yathu yomweyi, kuli Gasper Nali. Babatoni yake ndi yaitali pafupifupi mamita 3. Waya wake ndi wa m'tayala la galimoto, ndipo ng'oma yake ndi ya cikopa ca ng'ombe. Dzanja limodzi limamenya waya ndi kamtengo. Dzanja lina limayendetsa botolo pa wayayo, ndipo botolo likasuntha mau amasintha. Phazi limaponda ng'oma. Pakamwa pakuimba. Munthu mmodzi, koma mukatseka maso mumaganiza kuti ndi gulu. Ku Lilongwe kuli Madalitso Band, gulu la anthu awiri okha. Yosefe Kalekeni amaimba gitala ndi kuponda ng'oma, Yobu Maligwa amaimba babatoni ndi kutsogolera nyimbo. Anayambira m'miseu ya mu mzindawo. M'caka ca 2017 anakaimba ku cikondwerero ca Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kucokera pamenepo ayenda maiko ambiri a ku Ulaya. Taonani, waya mmodzi ndi cikopa ca ng'ombe zinakwera ndege.

Besi ya magetsi, imene timaiona m'magulu a m'tauni, si yakale kwambiri. Kale oimba a ku America ndi ku Ulaya ankagwiritsa besi ya matabwa yaikulu ngati munthu wamkulu, yoimika pansi. Inali yovuta kunyamula, ndipo pakati pa malipenga ndi ng'oma mau ake ankamira. M'caka ca 1951 Leo Fender wa ku California anayamba kugulitsa besi yopacika pa phewa ngati gitala, yolumikiza ku cokuzira mau. Pa khosi pake anaikapo timizere ta citsulo, kuti cala cisaphonye malo. Oimba gitala ambiri anaona kuti atha kuigwira mosavuta, ndipo inafalikira msanga.

Koma besi ya magetsi yopanda cokuzira mau iri ngati ng'oma yopanda cikopa. Mungaikhudze bwanji, wa pa khomo samva. Imafuna magetsi kapena batire, ndi sipika yaikulu. Mnyamata wa kumudzi sangagule zonsezi. Ndiye cifukwa cake besi zambiri kuno si za amene amaziimba. Ndi za chalichi, kapena za mwini gulu. Mnyamata amafika pa chalichi, napeza kuti gitala iri ndi mwini wake, ng'oma ziri ndi mwini wake, koma besi yatsamira pa khoma. Amaitenga cifukwa ndi khomo lokhalo limene liri lotseguka. Ubwino wake ndi wakuti nsambo zake siziduka kawirikawiri, ngakhale kuti zikaduka mtengo wake umapweteka.

Zonsezi zikutiuza m'mene munthu amalowera. Sizikutiuza cifukwa cimene amakhalira. Pakuti ambiri amene anapatsidwa besi mokakamiza, mukawapatsa gitala patapita zaka ziwiri amakana.

Inu a ku Metangula ndi ku Cobue, kumbukirani mganda. Anyamata avala zoyera, aima m'mizere, malipenga a zikho akulira. Anthu oonerera amayamikira ovina ndi oliza malipenga. Koma mapazi onse aja akumvera ndani? Akumvera ng'oma yaikulu. Woimba ng'omayo akafulumira, mzere wonse umafulumira. Akasokoneza, ngakhale wovina waluso amaponda mnzake. Besi m'gulu imagwira nchito yomweyo, koma imaonjezapo cina. Ng'oma imapereka nthawi yokha. Gitala ndi woimba amapereka nyimbo. Besi iri pakati. Imagunda pamodzi ndi ng'oma, ndipo pa nthawi yomweyo imatsata nyimbo, kuuza onse pamene akwere ndi pamene atsike. Ndiyo mtanda umene denga lonse latsamirapo.

Wa besi amadziwa zimenezi, ngakhale oonerera sadziwa. Iye ali kumbuyo, kotero amaona bwalo lonse. Amaona kuti akasintha kagundidwe pang'ono, ziuno za anthu makumi asanu zimasintha. Akaleka dala kwa kamphindi, ovina amakhala ngati aponda m'dzenje, ndipo akabwereranso mfuu imabuka. Anthu amaombera m'manja woimba wa patsogolo. Wa besi amangomwetulira. Kukoma kumeneko ndiko kumamsunga.

Si munthu aliyense angathe. Nchitoyi imafuna mtima wodekha. M'nyimbo zathu zambiri besi imabwereza kanjira kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mwina mphindi khumi, osatopa ndi osathamanga. Amai awiri akamasinja mu mtondo umodzi amadziwa lamulo limeneli. Wina akafuna kudzionetsa, minsi imaombana. Tiri ndi anyamata a zala zofulumira amene amalephera besi cifukwa sangathe kudikira. Amadzaza paliponse ndi mau, ndipo nyimbo imasowa popumira.

Pali cinanso. Mau aakulu amayenda mtunda wautali kuposa mau aang'ono. Usiku wa mwezi wa Juni, pamene Lichinga yazizira ndipo mphepo yaleka, mumamva kugunda kucokera kutali. Mau a nyimbo simuwamva, gitala simuimva, koma kugundako kumafika mpaka pa mphasa. Imeneyo ndi besi ndi ng'oma. Ndi zimene zimaitana anthu. Gulu lathu la Massukos, limene Feliciano dos Santos ndi anzake anayambitsa m'caka ca 1994, nkhondo itangotha, linayenda m'midzi ya Niassa kuimba za kusamba m'manja, za zimbudzi ndi za madzi abwino, m'Ciyao, m'Cinyanja ndi m'Cimakua. Mu 2008 Feliciano analandira mphotho ya Goldman cifukwa ca nchito imeneyi. Uthenga unali m'mau a nyimbo. Koma kuti munthu asiye khasu ndi kubwera kudzamva uthengawo, ciyenera kukhalapo comukoka ali kutali.

Ndipo si lamulo kuti wa besi akhale kumbuyo masiku onse. Ku Zimbabwe kuli Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva, mwana wa bambo wocokera ku Malawi. Anaimba besi zaka zambiri m'gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria, kenaka anayambitsa lake, Orchestra Mberikwazvo. Iye ndiye mwini gulu, ndiye woimba wa patsogolo, koma besi sanaisiye. M'nyimbo zake za sungura besi imayankhula ngati munthu, ndipo pali nthawi zimene zida zina zimacepetsa mau kuti iyo imveke yokha. Amaimba m'Cishona, ndipo nyimbo zina m'Cicewa, cimene ife timamva popanda womasulira.

Cimene cimatidandaulitsa ndi ici. Masiku ano ambiri timamvera nyimbo pa foni kapena pa kawailesi kakang'ono. Sipika yaing'ono siingathe kutulutsa mau aakulu. Kotero nchito ya wa besi imatayika pa njira, ndipo womvera amaganiza kuti munthuyo sanacite kanthu. Maganizo amenewa amafika mpaka pogawana ndalama. Ukwati ukatha, m'magulu ena woimba wa patsogolo amatenga zambiri, wa gitala zotsatira, wa besi amalandira zotsala pamodzi ndi wonyamula katundu. Ife tikuti kugawa kotere n'kolakwika. Eni magulu amadziwa okha kuti oimba a patsogolo ndi ambiri, koma wa besi wodekha akacoka amamfunafuna miyezi.

Pa ukwati umene ukubwera, yesani ici. Musaime patsogolo. Pitani cha kumbali, pafupi ndi sipika yaikulu. Yang'anani phazi la woimba ng'oma, kenaka muyang'ane zala ziwiri za dzanja lamanja la wa besi. Mudzaona kuti zikutsikira pamodzi. Mukatero muyang'ane mapazi a ovina.