Mpamba wa Kalipentala ndi Thandizo Losabweza

Ntchito ya ukalipentala, monga imagwiridwira m'mashedi a ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, imayendera ndalama ya kasitomala, chifukwa mmisiri sadula thabwa asanalandire dipoziti, lomwe ndi gawo la mtengo limene wogula amapereka ntchito isanayambe. Ndalamayi imakwanira matabwa, misomali, guluu ndi vanishi za bedi limodzi basi, moti munthu amene wapala matabwa zaka zambiri amapezeka alibe mpamba, ndiye kuti chuma choyendetsa bizinesi ngakhale pa tsiku limene wogula sanabwere. Kusowa kumeneku kumaonekera pa thabwa lenilenilo. Mlombwa kapena mbawa zimafuna kusanjidwa pamthunzi kwa miyezi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa, koma wodalira dipoziti amagula thabwa laliwisi lero n'kulipala mawa, ndipo chilimwe chikafika chitseko chimapindika, molumikiza mumatseguka, mbiri ya mmisiri n'kuonongeka pa chifukwa chimene sichinachokere m'manja mwake.

Mmisiri wofuna kutuluka m'vutoli ayenera kuyamba wasiyanitsa ngongole ndi thandizo losabweza, pakuti m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku zonse zimangotchedwa "ndalama za mabungwe". Bungwe la boma la ngongole, lomwe mu 2020 linasintha dzina kuchoka ku MEDF kukhala NEEF, limabwereketsa ndalama zobweza ndi chiwongoladzanja, monganso banki m'khonde, pamene katapila ndi woti asatchulidwe n'komwe kwa munthu wodikira kuti thabwa liume. Thandizo losabweza ndi ndalama imene woipereka safuna kuti ibwerere kwa iye, koma amafuna umboni kuti yagwira ntchito imene inapemphedwera, ndipo n'chifukwa chake imasowa komanso imalimbiranidwa.

Ndalama yotere ilipo ndithu. Bungwe la Tony Elumelu Foundation la ku Nigeria, kuyambira mu 2015, limasankha chaka ndi chaka amalonda ang'onoang'ono a m'maiko a mu Africa, kuwaphunzitsa, kenaka n'kuwapatsa madola 5,000 oyambira, ndipo pempho limalembedwa pa intaneti kumayambiriro kwa chaka. Ku Malawi kuno, ntchito ya AGCOM, yothandizidwa ndi World Bank, yakhala ikupereka thandizo lokumanizana, momwe gulu la alimi limasonkha gawo lake, nthawi zambiri magawo 30 pa 100 alionse, ndipo otsalawo amapereka ndi pulojekiti. Kalipentala sali m'gulu la olandira za AGCOM, komabe kayendetsedwe kake kakusonyeza khalidwe la opereka ambiri: amakonda gulu lolembetsedwa kuposa munthu mmodzi, ndiponso amafuna kuona wopempha ataikapo kake. Apa pali chinthu chopweteka chimene sichiyenera kubisidwa, chakuti njira zimenezi zimafika msanga kwa wodziwa Chingerezi, wokhala ndi foni yamakono ndi kandalama kosungira, pamene mmisiri waluso loposa, amene anaphunzira ntchito pa benchi ya amalume ake, amatsalira.

Chimene chimamugwetsa mmisiri wotereyu si luso, koma kusowa kwa zolemba, popeza kawerengedwe kake konse kali m'mutu ndi pa chidutswa cha thabwa chimene amalembapo ndi pensulo. Woweruza mapempho saona bedi, amaona pepala. Choncho kope lolembamo oda iliyonse, mtengo wa matabwa, malipiro a anyamata othandiza ndi phindu lotsala, pamodzi ndi malisiti ndi zithunzi za katundu wotha, ndi chida chofunika monga sowo ndi puleni. Pamwamba pa kopelo pamafunika chiphaso cha bizinesi chochokera ku boma, nambala ya msonkho yochokera ku MRA, ndi akaunti ya kubanki yosasakanikirana ndi ndalama ya ndiwo. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa sukulu kuti luso lawo likhale ndi satifiketi.

Pa zoti apemphe chiyani, amisiri ambiri amathamangira makina opalira, ndipo n'zomveka, chifukwa ndalama yopalitsa kwa eni makina imadya phindu. Koma makina amafuna shedi yokiyika ndi magetsi odalirika, ndipo kwa mmisiri mmodzi amakhala chigonere masiku ambiri, pamene amisiri khumi a mzere umodzi, atalembetsa kopaletivi, angawagwiritse ntchito sabata yonse n'kusonkha mosavuta gawo limene wopereka akufuna. Wopempha payekha angachite bwino kulemba za mulu wa matabwa oumika, n'kufotokoza ndi manambala a m'kope lake mmene thabwa louma limachepetsera katundu wobwezedwa.

Potsata zonsezi mmisiri amakumananso ndi mauthenga a pafoni olonjeza thandizo kwa amene atumize kaye "ndalama ya fomu" pa nambala ya munthu. Wolemba uthenga wotere ndi wakuba, ndipo lonjezo lililonse la thandizo liyenera kutsimikizidwa ku ofesi ya zamalonda ya khonsolo ya boma ndalama isanatuluke m'thumba.