Mlendo M'dziko Lake

M'midzi ya ku Nsaru ndi kwa Kabudula muli akuluakulu ambiri amene amadziwa bwino misewu ya ku Johannesburg ndi ku Harare, koma nyanja ya m'dziko lawo lomwe sanaionepo. Umphawi ndiwo udawatuma kutali, ndipo ulendo wongokaona malo ankauyesa chibwana cha azungu. Mmodzi mwa anthu otere adali mkulu wina, mlimi wa fodya wa ku Nsaru, amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kufikira 1974, chaka chimene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi.

Chaka china fodya atagulidwa bwino ku Kanengo, kalabu ya alimi ya m'mudzi mwawo idasonkha ndalama nichita hayala basi. Paja akulu adati kuyenda awiri si mantha. M'basimo mudali abambo, amayi ndi ana asukulu, ndipo mtsogoleri wawo adali mphunzitsi wa m'deralo. Mkulu uja adalowamo monyinyirika, atakokedwa ndi mdzukulu wake wamkazi.

Ulendo wa gulu uli ndi kukoma kwake. Mtengo umapepuka, njira imafupika ndi nyimbo, ndipo kamba wa mmodzi amasanduka wa onse. Koma uli ndi vuto lakenso: munthu saona chimene maso ake afuna pa nthawi yake. Wina akadali kudabwa, hutala yalira kale.

Malo oyamba kuima adali ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli zojambula za pamiyala m'malo okwana 127, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mphunzitsi adafotokoza kuti zofiirazo adajambula ndi Akafula, pamene zoyerazo adajambula ndi Achewa, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza chinamwali cha atsikana. Amayi achikulire atamva mawu amenewa adangoyang'anizana, nafunditsa maso awo pansi. Mkulu uja adaona manyazi awowo, koma adangoseka chamumtima, poti chinsinsi chimene chidali pambalambanda sichidali chake.

Atatsika mapiri ndi msewu wokhotakhota wa ku Golomoti adafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adatsegula mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wochokera ku Canada, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare mkulu uja adalowa m'chipinda china naima chilili. Nkhope za gule wamkulu mazanamazana zidali zitapachikidwa poyera, masana dzuwa likuswa mtengo. Iye adagula njira akadali mnyamata, ndipo adalumbira kudambwe kuti za kumeneko sizinenedwa kwa wosameta. Tsono apa amayi, ana ndi alendo ankaloza zala momasuka.

"Aphunzitsi," adafunsa ndi mawu onjenjemera, "kodi adavula zilombozi ndani?"

"Bambo, akadapanda kuzisunga muno, zambiri zikadadyedwa ndi chiswe," adayankha mphunzitsiyo mwaulemu. "Gule yemweyu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005."

Yankholo silidamukhutiritse. Adakumbukira kuti kale mipingo inkachotsa mu mpingo aliyense wopezeka kudambwe, ndipo zidamuzunguza mutu kuti lero mishoni ndiyo idasanduka nkhokwe ya gule. Adafuna kutuluka, koma mdzukulu wake adamugwira dzanja.

"Agogo, nanga uyu wofiirayu ndani?"

Mkuluyo adakhala chete kanthawi. Akadakana kuyankha, mwanayo akadawerenga yekha zolembedwa pakhoma. Akadaulula zonse, akadaphwanya lumbiro. Motero adasankha njira yapakati. Adamuuza zimene aliyense amaona pabwalo: kuti Simoni amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, kuti Chadzunda ndiye tate wa zilombo, ndi kuti Kasiyamaliro amatuluka kudzaperekeza mzimu wa malemu. Za kudambwe adazisiya m'mimba. Posakhalitsa gulu lonse lidamuzungulira, ndipo ngakhale mphunzitsi adaiwala kuyang'ana wotchi. Pamenepo mkuluyo adamvetsa chimene amayi aja adamva ku Chongoni.

Dzuwa litapendeka adafika ku Senga Bay, m'boma la Salima. Ana adathamangira m'madzi akukuwa, koma iye adavula nsapato, natunga madzi m'manja, nasamba kumaso mosalankhula. Nyanja imene amati ndi ya mailosi 365 m'litali idali ulendo wa tsiku limodzi lokha kuchokera pakhomo pake.

Anthu ena amayesa kuti kuona malo ndi kudyetsa maso chabe. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha amabwerako ndi mafunso olemera kuposa katundu. Mkulu wa ku Nsaru adabwerera ndi funso limene mpaka lero limavuta mafumu ndi ophunzira omwe: mwambo ukabisidwa kwambiri umafera limodzi ndi eni ake, koma ukayalidwa poyera umatha ulemu. Nanga malire ake ali pati? Iye yankho adalibe, koma kuyambira chaka chimenecho adzukulu ake sankasowa pokafunsa.