Matumba khumi ndi awiri ndi chilembo chimodzi

Chaka chatha titakolola, ine ndi alamu anga tinatsala pang'ono kuleka kupatsana moni chifukwa cha mametikali 2,000. Amene anatiyanjanitsa ndi mwana wa kalasi 8.

Tinagwirizana zokagulitsira pamodzi chimanga ku Mandimba. Ine ndinali ndi matumba 4, alamu 8. Galimoto ndinalipira ndine, mametikali 3,000, poti iwo tsiku limenelo m'thumba munalibe kanthu. Pangano lathu linali lapakamwa: popeza matumba awo ndi ochuluka kawiri, gawo lawonso lidzachuluka kawiri. Titagulitsa zonse tinapeza 15,000.

Madzulo tili pakhonde, alamu anawerenga 10,000 n'kuika mbali yawo, 5,000 n'kundikankhira.

"Nanga ya galimoto ija, alamu?"

"Tinati kawiri, si choncho? 5,000 kawiri ndi 10,000."

Mawu anayamba kukwera. Mkazi wanga anangoti zii kukhitchini, pakuti uku ndi mchimwene wake, uku ndi mwamuna wake. Pamenepo mwana wathu wamkazi anabwera ndi kope lake, n'kugwada chapatali.

"Bambo, amalume, mungandilole ndiilembe nkhaniyi?"

Ndinachita manyazi, koma ndinamulola. Anayamba ndi funso: kodi chimene sitikuchidziwa pano n'chiyani? Tinati ndi gawo langa. Iye anati tilipatse dzina, n'kulemba x. Gawo la amalume ake, poti ndi kawiri, analemba 2x. Kenaka anati, "Mmene akunenera amalume ndi umu," n'kulemba:

x + 2x = 15,000

Magawo atatu ofanana akwane 15,000, ndiye kuti limodzi ndi 5,000. Alamu anagwedeza mutu mokondwa. Mwanayo anapitiriza: "Mmene akunenera bambo ndi umu."

x + 2x + 3,000 = 15,000

Anafotokoza kuti timizere tiwiri tapakatito tili ngati sikelo: chimene wachotsa mbali iyi uchotsenso mbali inayo. Atachotsa 3,000 uku ndi uku panatsala 3x = 12,000, choncho x ndi 4,000. Alamu alandire 8,000, ine 4,000 kuphatikizapo 3,000 yanga ya galimoto.

"Masamu onse awiri ndi okhoza," anatero. "Chasiyana ndi nkhani imene mwandiuza. Kodi galimoto inanyamula matumba a yani?"

Alamu anakhala chete. Kenaka anawerenga okha ndi zala: 12,000 pa matumba 12, thumba lililonse 1,000, awo 8, anga 4. Anaseka, n'kuchotsa 2,000 pa mulu wawo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinakumbukira mmene masamu a nkhani ankandigonjetsera kusukulu. Kuwerengera sikunkandivuta. Mpaka lero ndikafika pa Chiponde ndimasintha makwacha ndi mametikali m'mutu, wosintha ndalama asanatulutse foni. Chinkandigwetsa ndi mawu. Funso linkabwera m'Chipwitikizi, chinenero chimene kunyumba sitinkayankhula, ndipo timawu monga o dobro, a mais ndi o restante tinkandisokoneza. Ndinkangotola manambala onse a m'funsomo n'kuwaphatikiza, n'kumayembekeza mwayi. Aphunzitsi ankalemba mzere wofiira, ine n'kumati mutu wanga si wa masamu.

Panopa ndaona kuti ntchito yaikulu pa masamu amenewa ndi kumasulira. Umachotsa nkhani m'chinenero cha anthu n'kuiika m'chinenero cha zizindikiro, chimene sichilola mawu amodzi kukhala ndi matanthauzo awiri. Mwana wa kuno amamasulira kawiri: kuchoka m'Chipwitikizi kupita m'Chiyao, m'Chimakuwa kapena m'Chinyanja, kenaka kupita ku x. Akagwa pa mlatho woyamba, timamuweruza ngati wagwa pa wachiwiri. N'chifukwa chake ndimayamikira maphunziro a zinenero ziwiri, amene m'dziko muno anayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza.

Mwana wanga anandiuzanso zimene aphunzitsi ake anawafotokozera. Dzina loti aljebra linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, a m'mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. M'bukumo mulibe x. Zonse anazilemba m'mawu, ndipo nambala yosadziwika ankangoitcha "chinthu". Mbali yaikulu ya bukulo ndi ya kagawidwe ka chuma cha masiye. Chizolowezi cholemba x chinafala pambuyo pa buku la René Descartes la mu 1637. Ndiye kuti masamu amenewa kuyambira kale akhala akuthandiza abale okangana pa kugawana, monga ife pakhonde paja.

Makolo anzanga a m'malire muno, mwana akabwera ndi funso lotere musafulumire kunena kuti simunapite patali ndi sukulu. Muuzeni akufotokozereni nkhaniyo m'chinenero chanu, ngati yachitika pamudzi pano. Mufunseni chimene chikufunidwa, achipatse dzina. Alembe chiganizo chimodzi chimodzi, osalumpha. Akapeza yankho, alibwezere m'nkhani muja aone ngati likukwana, monga anachitira alamu ndi zala zawo. Zimenezi mukhoza kumuthandiza ngakhale x simunamuonepo.

Chaka chino tagulitsanso limodzi. Tisanakweze thumba ndi limodzi lomwe, alamu anaitana mwana wa mlongo wawo. "Bwera ndi kope lija," anatero, "ulembe ya galimoto poyamba."