Mbale zamtundu wa uchi za ku Sanjala

Munthu wochokera ku Namwera kapena ku Chiponde akadutsa pa chipata cha Mandimba n'kukwera chapa, monga momwe eni dziko amatchulira minibasi, amayenda makilomita pafupifupi 150 kudzera ku Massangulo asanafike ku Lichinga. Msewu wake ndi wokwera mtunda. Pofika amayamba kufunafuna juzi, pakuti mzindawu uli pamwamba ndithu, mamita oposa 1,300, ndipo mu June ndi July kumazizira ngati ku Dedza. Mitengo ya paini ndiyo imayamba kumulonjera.

Apwitikizi anakhazikitsa tauniyi mu 1931 n'kuitcha Vila Cabral. Dzina la Lichinga linabwera ndi ufulu wa 1975. Alendo ambiri amapitako kukagula nyemba ndi mbatata ya kachewere. Koma yemwe angaitanidwe kukadya nsima m'nyumba zina za ku Sanjala, lomwe ndi limodzi mwa madera a mzindawu, ayang'anitsitse mbale imene ampatsirepo ndiwo. Mwina ikhala yagalasi, yooneka ngati uchi, yoti ukaikweza kudzuwa dziko lonse limafiira.

Akaitembenuza apeza dzina pansi pake. Dzinalo likhoza kukhala Duralex, kampani ya ku France imene inayamba mu 1945 kufupi ndi mzinda wa Orléans. Zina ndi za m'nthawi ya atsamunda, zimene zinatsala eni ake atabwerera kwawo mu 1974 ndi 1975. Zina zinabwera pambuyo pake. Mbale yoti inaona nkhondo mpaka mtendere wa pa 4 October 1992 mwini wake saiona ngati mbale wamba ayi, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Mayi akaipeza, kaya mwa cholowa kaya pogula kwa mnzake, amaitsekera m'kabati kudikira apongozi ndi tsiku la Idi kapena Khirisimasi, ana n'kumadyera m'zapulasitiki zomwe zimapindika ndi nsima yotentha.

Kumeneko n'kuilakwira mbale. Galasi limeneli analipangira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amaliwotcha kwambiri kenaka n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo, motero limalimba kuposa galasi wamba. Ku France matambula ake ndi amene ana akhala akumwera madzi kusukulu, ndipo ali ndi masewera owerenga nambala ya pansi pa tambula ngati zaka zawo. Chinthu chopirira manja a ana asukulu chingalephere bwanji manja a mwana mmodzi wa ku Sanjala?

Komabe posankha pafunika maso. Choyamba ndi mtundu. Mtundu wa uchi uli m'kati mwa galasilo, monga momwe zilili ndi botolo lofiirira la mowa, ndipo suchoka ngakhale mutsuke zaka makumi atatu. Koma pali mbale ndi matambula ena okongola kwambiri amene maluwa ake anachita kupakidwa pamwamba. Khwekhwerezani ndi chikhadabo: ngati maluwawo akumveka kuti ndi otundumuka kapena ayamba kusupuka, zimenezo ndiye zoyenera kabati. Penti wina wakale anali ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Chachiwiri ndi m'mphepete. Yendetsani chala kuzungulira mbale yonse. Ikakhala yobenthuka, ngakhale pang'ono ngati njere ya mpunga, musaigule ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Galasi lotere likafika potha silichita mng'alu ngati mbale yadothi. Limangoti phwaa, n'kusanduka tizidutswa ngati mchere wosasinja, nthawi zina popanda woigunda. Ubwino wake tizidutswato sitikhala takuthwa ngati ta botolo, koma ndiwo zimene zinali pafupi ndi zotaya basi.

Za maonekedwe, anthu amakopeka ndi mbale za m'mphepete mokhotakhota ngati duwa. N'zokongoladi patebulo. Koma wotsuka ndi amene amadziwa kuti mafuta a nsomba amabisala m'mizere momwemo, ndipo ku Lichinga madzi a m'mawa saseka ndi zala. Mbale yosalala ndi yakuya pang'ono imalandira nyemba ndi msuzi wake, imasanjikika bwino, ndipo ina ikasweka mnzake savuta kumpeza. Amene wagula ziwiri zobiriwira, imodzi yauchi ndi zitatu zoyera adzakhala moyo wake wonse akufunafuna zofanana nazo.

Dandaulo limodzi lokha ndi loona: m'nyengo yozizira mbale yagalasi imaziziritsa nsima msanga. Mankhwala ake ndi kuitsira madzi otentha musanapakule, pakuti galasili limapirira. Chimene silifuna ndi moto weniweni; pambaula kapena pamafuwa si malo ake. Potsuka gwiritsani sopo ndi kansalu, osati mchenga monga muchitira ndi mapoto, chifukwa mikwingwirima imalifooketsa.

Wobwerera nazo ku Chiponde akulunge mbale iliyonse payokha m'chitenje, ndipo azinyamule pamiyendo. Kondakitala adzaumirira kuti katundu yense apite kumbuyo pamodzi ndi matumba a nyemba. Amukanire mwaulemu.